Mboni Idikire Panja

Ife kwathu tinabadwa ndi maso ogona. Si matenda, si ulesi, ndi zikope basi: zimagwa mpaka pakati pa diso n'kukhala pomwepo. Bambo athu anali choncho, azakhali ali choncho, ine ndili choncho, koma achimwene anga ndiye anachita kunyanya. Kusukulu aphunzitsi ankatigenda ndi choko tikumvetsera bwinobwino. Pachithunzi cha ukwati wawo achimwene amaoneka ngati anachita kuwadzutsa kuti akakwatire. Kudepoti ya mabasi anzawo anawapatsa dzina loti Matulo, iwo n'kumavomera akuseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pa madalaivala onse a kampani ija, amene sanagundepo ngakhale nkhuku ndi iwowo.

Kenako kampani inagula makina anzeru, aja amati amaganiza okha n'kumaphunzira okha. M'basi iliyonse anaikamo kamera pamwamba pa galasi, yoyang'ana dalaivala osati msewu. Makina omwewo ndiwo ankagawa maulendo, kuyankha madandaulo a okwera, ngakhalenso kulangiza mabwana zochita. Madalaivala anawatcha Kapitawo. Ndiye Kapitawo ataona maso a achimwene, sanafunse munthu. Basi ili mumsewu, anthu adzaza, mawu ankangotulukira pamwamba pa galasi: “Dalaivala, dzukani.” Okwera mitima m'mwamba, ena kuyamba kupemphera. Achimwene atakadandaula kuofesi anauzidwa kuti apirire, makina akuphunzira, awazolowera. Kuwazolowera kwake kunali kuwatumizira uthenga pafoni woti ntchito yatha chifukwa chogona pachiwongolero mobwerezabwereza.

Mawu amenewo ndiwo anatipweteka. Dalaivala akachotsedwa chifukwa cha mwano, kwina amamulemba. Koma ndani angapereke basi yodzaza anthu kwa munthu amene mbiri yake ikuti amagona akuyendetsa? Kulikonse kumene achimwene anagogoda, ankangoti akayang'ana pakompyuta, n'kuyang'ana nkhope yawo, n'kuwauza kuti malo kulibe. Munthu amene moyo wake wonse unali basi anayamba kukhala pakhomo. Yunifolomu ankaisita ndithu sabata iliyonse n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Alamu anga anandiuza kuti anawapezapo ataima pagalasi lakubafa akudzikakamiza kutong'ola maso mpaka misozi. Nditamva zimenezo ndinalira, kenako ndinapsa mtima.

Ine ndili ndi saluni, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa. Ndinatseka saluni n'kupita kwa bwana woona za antchito kukampaniko. Anali munthu wofatsa, wa dazi lonyezimira, wokonda kupinda manja akamayankhula.

“Mayi, ine ndilibe dzanja pankhani imeneyi,” anatero. “Anagamula ndi makina.”

“Ndiitanireni makinawo ndiyankhule nawo.”

“Sizitheka. Amagwira ntchito paokha.”

“Nanga inu mumabwera kuno kudzatani?”

Anaitana mlonda. Ndinatuluka ndekha mlondayo asanandigwire, koma zimene ndinanena potsika masitepe sindingazibwereze pano.

Bungwe la madalaivala linatipatsa loya, mayi wamfupi woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana nthano. Tsiku loyamba ndinamuderera, sindibisa. Ndinkafuna loya wobangula. Iye anangokhala phee akuwerenga yankho limene kampani inapereka kukhoti, ndipo atamaliza anatifotokozera. Kampani inkati siinachotse munthu aliyense. Inkati chigamulo chinapangidwa ndi makina odziimira paokha, choncho kampaniyo ilibe mlandu woti iyankhe. Ndipo pofuna kutsimikiza kuti makinawo ndi odziimiradi, inati idzawabweretsa kukhoti ngati mboni yake yoyamba, adzadziyankhulire okha.

“Ndiye tikane!” ndinatero. “Chitsulo chingakhale mboni?”

“Ayi achemwali, tisakane,” anatero Mayi Loya. “Asiyeni abwere nayo mboni yawoyo.”

Anandiuzanso kuti ine ndidzakhala mboni ya achimwene. Ndinafunsa kuti ndikanene chiyani poti m'basimo sindinalimo. Anandiyang'ana m'maso kwa kanthawi, n'kunena kuti ndingopita ndi nkhope yanga.

Khoti lake silinali la akuba ndi ambanda ayi, linali la milandu ya anthu odandaulirana. Chipinda chaching'ono, mabenchi olimba, fani imodzi yozungulira mwaulesi. Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi okhala pansonga ya mphuno. Kumbuyo kunadzaza madalaivala amene sanali pantchito tsikulo. Achimwene anavala jekete ya paukwati wawo, imene tsopano inali itawakulira.

Loya wa kampani anali bambo wamtali, suti yake yochita kuwala. Patebulo pake panalibe mulu wa mapepala ngati pa Mayi Loya. Panali tabuleti yoimika, ndipo m'khutu mwake munali kachipangizo kakang'ono koyera. Anthu ankati bamboyu sanagonjepo chiyambire kugwira ntchito ndi Kapitawo, chifukwa mnzake akangotchula lamulo, Kapitawo ankamunong'oneza yankho mnzakeyo asanatseke pakamwa. Ine ndinangomutcha Chamkhutu.

Kukhoti kuli mwambo wake umene ine sindinkaudziwa. Mlandu usanayambe, mboni zonse zimene sizinapereke umboni zimatuluka kukadikira panja, kuti zisamve zimene anzawo akunena n'kumakonza zawo. Kalaliki wa khoti anaimirira n'kulengeza kuti mboni zonse zituluke. Ndinanyamuka. Bwana wa dazi uja, amenenso anali mboni ya kampani, ananyamuka. Tili pakhomo, ndinamva mawu a Mayi Loya, pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse.

“Olemekezeka, mboni imodzi yatsala.”

Woweruza anayang'ana pamwamba pa magalasi. “Iti?”

“Mboni yoyamba ya kampani. Ili patebulo apo. Ndipo ngati sindikulakwitsa, ilinso m'khutu mwa mnzanga wophunzirayu.”

Chamkhutu anaseka. Anati chimene chili m'khutu mwake ndi chida chabe chogwirira ntchito, ngati cholembera. Woweruza anamufunsa ngati makina amene akumunong'onezawo ndi ena, osiyana ndi amene anachotsa achimwene ntchito. Apa bamboyo anamvetsera kaye m'khutu. Kenako anavomera kuti ndi amodzimodzi.

“Ndiye mundithandize,” anatero woweruza. “Mwalemba kuti ndi mboni yodziimira payokha. Ngati ndi mboni, ituluke monga zinzake. Ngati ndi cholembera chanu, khalani nacho, koma mundiuze mwini cholembera amene analemba uthenga wochotsa munthuyu ntchito.”

Chamkhutu akanati ndi chida, mlandu wonse wa kampani ukanagwa pomwepo. Choncho ananena kuti ndi mboni.

“Mesenjala, perekezani mboniyo,” anatero woweruza.

Mesenjala wa khoti, bambo wonenepa wosaseka, anabwera n'kunyamula tabuleti ija ndi manja awiri. Kenako anatambasula dzanja kwa Chamkhutu n'kudikira. Bamboyo anachotsa kachipangizo kaja m'khutu ngati akuzula dzino lake lomwe. Madalaivala kumbuyo anayamba kukhosomola onse nthawi imodzi, ndipo woweruza anachita ngati sakumva.

Umo ndi mmene ndinapezekera pabenchi ya pakhonde, ine mbali ino, bwana wa dazi mbali inayo, Kapitawo pakati pathu atatsamira khoma. Mesenjala anatichenjeza kuti mboni siziyankhulana, n'kuima pachitseko. Ndinachiyang'anitsitsa chinthucho. Miyezi yonse ija ndinkachiona m'maganizo ngati chimphona, koma chinali kagalasi kosaposa mbale yodyera, kokhala ndi zidindo za zala za mafuta. Anali atakakonza m'mawa kuti kakaonetse khoti mmene kamagwirira madalaivala ogona, ndiye kadiso kake kanali koyaka. Bwana uja anakasuntha pang'ono kuti kasagwe, ndipo kadiso kaja kanaloza kwa ine.

“Dalaivala, dzukani.”

Ndinali maso kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wanga. Ndinali ndikumuyang'ana bwanayo ndi mkwiyo wonse wa banja lathu.

“Dalaivala, dzukani. Dalaivala, dzukani.”

“Wati chiyani iwe?” ndinaimirira. “Ndani akugona? Ndili ndi basi ine?”

“Mboni siziyankhulana!” anakuwa mesenjala.

“Muiuze iyoyo, ndiyo yayamba!”

Anthu odikira milandu ina pakhondepo anafa nacho chiseko. Mayi wina wobereka mwana anabwera kudzaimirira patsogolo pake kuti aone ngati iyenso amuuze zomwezo, koma kanangoti duu. Katangondionanso ine, kanayambiranso. Bwana wa dazi anakagwira n'kukagoneka chafufumimba pabenchi. Dazi lake linali litanyowa, ndipo kuyambira pamenepo sanandiyang'anenso kumaso.

Zimene zinkachitika mkati ndinazimva pambuyo pake kwa alamu. Akuti achimwene anafotokoza nkhani yawo modekha, ndipo itafika nthawi yoti Chamkhutu awafunse mafunso, bamboyo ankangogwiragwira khutu. Anafunsa funso limodzi kawiri. Anatchula dzina la depoti ina. Kenako anapempha kuti khoti lipume kaye, woweruza n'kumuuza kuti khoti silinatope.

Atandiitana ndinalowa, ndinakweza dzanja, ndinalumbira kuti ndinena zoona zokhazokha. Kalaliki anandichenjeza kuti wonama atalumbira amamangidwa. Mayi Loya anandifunsa za maso a kwathu, ndinafotokoza za bambo, za azakhali, za choko cha aphunzitsi. Kenako anandifunsa kuti phokoso limene linamveka pakhonde linali la chiyani. Ndinanena zonse, osasiya ngakhale mayi wobereka mwana uja. Chamkhutu anaimirira kuti anditsutse.

“Mayi, mungatsimikize bwanji kuti simunasinze pabenchipo?”

“Bambo, ndinali ndikukangana ndi mesenjala. Mufunseni ngati ndimakangana ndili m'tulo.”

Sanafunsenso china. Woweruza anandilola kukhala mkati, ndinakakhala pafupi ndi alamu.

Itafika nthawi ya kampani, Chamkhutu anaitana mboni yake yoyamba. Mesenjala anatuluka, tinamumva akuitana pakhonde mokweza monga amaitanira mboni iliyonse, ngakhale kuti mboniyo inali chigonere pabenchi pafupi ndi mwendo wake. Anabwera nayo n'kuiimika m'bokosi la mboni.

“Itembenuzireni kukhoma,” anatero woweruza. “Ine ndimalemba nditawerama, sindikufuna kudzutsidwa.”

Kalaliki anayandikira kuti ailumbiritse, n'kuima, kusowa poyambira. Dzanja loti ikweze inalibe. Chamkhutu anafulumira kunena kuti makinawo atha kubwereza mawu a lumbiro bwinobwino, m'chilankhulo chilichonse chimene khoti lingafune.

“Sindikukayika,” anatero woweruza. “Wailesi ya kunyumba kwanga imanenanso mawu ambiri abwino. Koma mayi amene wangochoka m'bokosimu tamuuza kuti akanama timumanga. Mboni yanuyi ikanama, ndimanga ndani?”

Chamkhutu anati makinawo sanama.

“Sindinafunse zimenezo. Ndati ndimanga ndani?”

Woweruza anaifunsa yokha tabuletiyo. Inayankha ndi mawu aulemu, osalala, kuti iyo si munthu, singalumbire, singalangidwe, ndipo zimene imanena zimayenera kuonedwa ndi munthu asanazigwiritse ntchito. Inawonjeza kuti zimenezi zinalembedwa m'malangizo amene kampani inalandira poigula. Ndinatsala pang'ono kuyimba nthungululu. Alamu ananditsina pantchafu.

Woweruza anavula magalasi. Anati khoti lake limamva anthu, ndi makampani amene kumbuyo kwake kuli anthu, chifukwa amenewo ndiwo angalumbire, angafunsidwe, angalangidwe. Anati makina sangasumire munthu, sangasumiridwe, ndipo sangakhale mboni. Atha kubwera m'khoti ngati chinthu choonetsa, monga mmene amabweretsera tayala lophulika pamlandu wa ngozi, koma pakhale munthu woimirira pambali pake woti ayankhe. Ndipo amene wagula chida n'kuchipatsa ntchito, zochita za chidacho ndi zake.

“Chichotseni m'bokosimo muchiike patebulo la zinthu zoonetsa. Muitane munthu.”

Mesenjala anachimata kapepala ka nambala pamsana n'kuchiika pambali. Chamkhutu anapempha ngati tsopano angabwezeredwe kachipangizo ka m'khutu, poti khoti lanena kuti ndi chida. Mayi Loya anati alibe nazo vuto, koma chinthu choonetsa chikalandiridwa chimakhala m'manja mwa khoti mpaka mlandu utatha. Woweruza anavomereza.

Bwana wa dazi analowa m'bokosi n'kulumbira ndi mawu osamveka. Mayi Loya sanakweze mawu ngakhale kamodzi.

“Uthenga usanatumizidwe, munaonera kanema wa m'basi ya bamboyu?”

“Ayi.”

“Alipo kukampani kwanu amene anauonera?”

“Sindikudziwa.”

“Ndinu woona za antchito. Akanakhalapo mukanadziwa?”

“Ndikanadziwa.”

“Ndiye alipo?”

“Palibe.”

“Munawaitana kuti mumve mbali yawo?”

“Tinkakhulupirira makina.”

“Lero pakhonde mwamva makinawo akuuza mayi awa kuti adzuke. Anali m'tulo?”

Bwanayo anayang'ana Chamkhutu, Chamkhutu anayang'ana fani. Bwanayo anayang'ananso ine, ndipo ndinamutong'olera mmene zikope zathu zimalolera.

“Sanali m'tulo,” anatero. Kenako, popanda womufunsa, anatembenukira kwa achimwene. “A Matulo, ine ndakudziwani kalekale. Ndinkadziwa kuti maso anu ndi otero. Ndinangoopa kutsutsana ndi chinthu chimene mabwana anagula.”

Mkwiyo umene ndinali nawo pa bamboyu unatsika pang'ono, ngakhale sunathe. Achimwene anangogwedeza mutu.

Ndiye Mayi Loya anaonetsa kanema uja, umene kampani inasunga miyezi yonseyi popanda wouyang'ana. Khoti lonse linaona achimwene ali pachiwongolero, zikope zili pakati monga mwa masiku onse, mawu aja akuti dzukani, dzukani. Mawuwo ali mkamwa, njinga yonyamula matabwa inatulukira mwadzidzidzi kuchokera m'kanjira. Achimwene anaponda buleki, anakhotetsa pang'ono, anaizemba, n'kukweza dzanja kupepesa wa galimoto ya kumbuyo. Pansi pa kanemayo makina anali atalemba kuti panthawi imeneyo dalaivala anali m'tulo tofa nato. Dalaivala wina wachikulire kumbuyo analephera kudzigwira. “Ameneyo ndiye Matulo!” anakuwa. Woweruza anamenya tebulo, koma mochedwa dala.

Chigamulo chinatuluka patapita masabata angapo. Khoti linati kampani ndiyo inachotsa achimwene, ndipo inawachotsa popanda chifukwa komanso popanda kuwamva. Linalamula kuti abwezeredwe pantchito, ndipo mawu oti amagona pachiwongolero afufutidwe paliponse pamene analembedwa. Linatinso kampaniyo isadzachotsenso munthu pongomvera makina, popanda munthu wa dzina ndi nkhope amene waona nkhaniyo n'kusaina. Panja pa khoti madalaivala anawanyamula achimwene m'mwamba, jekete ya ukwati ija n'kung'ambika kukhwapa. Ine ndinamukumbatira Mayi Loya mpaka mapepala ake anagwa, ndipo ndinamulonjeza kuti tsitsi lake ndi langa moyo wake wonse. Ndinasangalala tsiku limenelo moti ndinapatsa moni ngakhale Chamkhutu, amene ankasainira kachipangizo kake kwa kalaliki.

Lolemba lotsatira ndinali m'saluni ndikuluka mayi wina, mutu uli theka, ndinamva hutala wa basi panja. Pakhomo pa saluni yanga si pokwerera basi, koma pali mphambano pamene magalimoto amaima kudikira magetsi a pamsewu. Hutala analiranso. Ndinataya chipeso n'kuthamanga. Atsikana anga ananditsatira, mayi wolukidwa theka uja nayenso anatuluka, thaulo lili m'khosi.

Basi inali yodzaza. Achimwene anali pamwamba apo, yunifolomu yosita, manja onse pachiwongolero. Ndinalowa mumsewu momwemo, ndikumenya chitsulo cha basi ndi zikhatho, ndikuvina, ndikuuza okwera onse amene anasuzumira pamawindo kuti awa ndi achimwene anga, mimba imodzi, dalaivala weniweni, akhale mtima pansi akafika bwino. Ena anaseka, ena anaomba m'manja osadziwa n'komwe nkhani yake. Magetsi anasintha, magalimoto a kumbuyo anayamba kulira.

Achimwene anatsegula windo, nkhope ili gwa.

“Chemwali, choka mumsewu,” anatero. “Ndili pantchito.”

Ndinachoka, ndikulira pagulu ngati mwana, ndipo basi inadutsa.